KODI N'KULAKWA KUCHITA CHIONETSERO PAFUPI NDI TCHALITCHI?

Kuno kwathu m'mbali mwa nyanja nyumba zopemphereramo ndi zambiri. Mukayenda pa mseu waukulu kuchokera ku Kande kupita ku Chintheche, simupita patali osaona tchalitchi. Apa pali a CCAP, apo Akatolika, patsogolo pang'ono a Anglican kapena a Sabata. Kwina kuli mzikiti. Kwinanso kuli kachisi wofolera ndi udzu, wa mpingo umene wangoyamba kumene. Mseu womwewu ndi umenenso anthu amadzeramo akakhala ndi dandaulo loti akatule kwa akuluakulu.

Tiyeni tiyerekeze. Munthu wina wachuma wagula malo m'mphepete mwa nyanja. Wamanga mpanda, ndipo watseka njira imene asodzi ankadzera popita ku dooko. Amayi asowa pochapira. Usipa wasowa poyanika. Anthu akambirana, ndipo agwirizana zoyenda pa mseu, zikwangwani zili m'manja, kukatula madandaulo ao kwa mfumu yaikulu. Koma njira yopita kwa mfumuyo yadzera pakhomo penipeni pa tchalitchi, ndipo tsiku limenelo muli mapemphero.

Mkulu wina wa mpingo atuluka nati, "Ana inu, pano ndi pa nyumba ya Mulungu. Simudutsa pano ndi zikwangwani zanuzo." Mnyamata wina wa m'gulu lija ayankha nati, "Pepani bambo, uwu ndi mseu wa Boma, ndipo ife tili pa ufulu."

Kodi akunena zoona ndani?

Onse awiri agwira mbali ya choonadi, koma palibe amene wachigwira chonse. Lamulo la zionetsero m'Malawi silinena kuti anthu asadutse kapena asaime pafupi ndi tchalitchi kapena mzikiti. Chimene malamulo amaletsa ndi kusokoneza anthu amene akupemphera. Kudutsa ndi kwina, kusokoneza ndi kwina. Tiyeni tione bwino pamene zinthu ziwirizi zisiyanira.

MANAMBALA ATATU OTI MUSUNGE

Malamulo Aakulu a dziko lino adayamba kugwira ntchito m'mwezi wa May 1994. Malamulo ena onse amagonjera amenewa, monga momwe nyakwawa zimagonjera mfumu yaikulu. Buku lake lidagawidwa m'ndime zokhala ndi manambala. Popeza tsopano manambala mukuwadziwa, sungani atatu awa: 33, 35 ndi 38.

Ndime 33 ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhulupirira ndi kupembedza monga mtima wake ufunira. Ndime 35 ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Ndime 38 ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita chionetsero. Koma ndime imeneyi yaikapo zinthu ziwiri: chionetserocho chikhale chamtendere, ndipo anthu asatenge zida. Chikwanje ndi chida. Mpeni ndi chida. Legeni, chibonga, mwala wobisa m'thumba, zonsezi ndi zida. Ngakhale nkhafi, mukaitenga ndi mtima wokamenyera munthu, yasanduka chida.

Anthu a boma la Nkhata Bay safunika kuuzidwa kuti ufulu wa m'ndime 38 udagulidwa ndi chiyani. Pa 3 March 1959 khamu la anthu lidasonkhana pa dooko la ku boma. Abale ao adali atamangidwa ndi kutsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Asilikali a Boma la atsamunda adaombera khamulo. Lipoti la Azungu lidawerenga anthu 20 amene adafa, koma anthu a kuno amawerenga oposa pamenepo. Ndi chifukwa chake chaka chilichonse pa 3 March pamakhala mwambo wowakumbukira.

Taonani tsono. Mkulu wa mpingo uja waima pa ndime 33. Mnyamata uja waima pa ndime 35 ndi 38. Zonsezi zili m'buku limodzi.

Nanga ufulu uli ndi malire? Inde, uli nao. Ndime 44 ikulola kuti ufulu wina uikidwe malire. Koma malirewo ayenera kukhala olembedwa m'lamulo, osapyola muyeso, ovomerezeka pa maiko a pansi pano, ndiponso ofunikadi m'dziko la demokalase. Mau a pakamwa chabe si lamulo, ngakhale atachokera kwa munthu wamkulu chotani.

Zimenezi zidaoneka m'chaka cha 2002. Nthawi imeneyo padali mkangano woti mwina Pulezidenti aziloledwa kuima pa chisankho kachitatu. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza pa msonkhano kuti pasapezeke wochita chionetsero pa nkhaniyo. Bungwe la maloya pamodzi ndi mabungwe a mipingo adakadandaula ku Khoti Lalikulu. Khoti lidagamula kuti chiletsocho chidali chosemphana ndi Malamulo Aakulu. Ngati mau a Pulezidenti pa msonkhano sadathe kutseka mseu, ndiye kuti mau a mkulu wa mpingo, a shehe kapena a tcheyamani wa chipani sangathenso kuutseka.

MALO A MAMITA 100

Lamulo limene limalongosola kayendetsedwe ka zionetsero ndi Lamulo la Apolisi la m'chaka cha 2010. M'lamulo limeneli alipo malo atatu amene anthu saloledwa kuchitirapo chionetsero, ngakhale kuyandikira mamita 100, popanda chilolezo chapadera. Malowa ndi Nyumba ya Malamulo, nyumba za Boma zokhalamo Pulezidenti, ndi makhoti. Ku Nyumba ya Malamulo chilolezo chimachokera kwa Sipikala. Ku nyumba ya Pulezidenti chimachokera kwa Pulezidenti mwini wake. Ku khoti chimachokera kwa mkulu wa oweruza milandu onse.

Mamita 100 ndi mtunda wonga utali wa bwalo la mpira, kuchokera pa golo ili kukafika pa golo linalo.

Mwaona kuti pa malo atatuwa tchalitchi palibe, mzikiti palibe? Anthu ambiri amaganiza kuti ulipo mpanda wosaoneka wozungulira nyumba iliyonse yopemphereramo. Ayi, m'lamulo limeneli mulibe mpanda wotere.

Koma musathamange nazo. Bwalo la tchalitchi si mseu. Malo a mpingo ali ndi eni ake, monga momwe khomo lanu lilili ndi mwini wake. Mungathe kudutsa pa mseu, koma simungalowe ndi zikwangwani m'bwalo la mpingo eni ake atakana.

CHIMENE MALAMULO AMALETSA

Buku la milandu ndi zilango, limene maloya amalitcha Penal Code, lili ndi mutu wakewake wonena za chipembedzo. Ndime zake zimayambira pa 127. Bukuli ndi lakale, lidabwera ndi atsamunda, koma ndime zimenezi zikadalimo.

Ndime 127 imateteza nyumba ndi zinthu zopatulika. Munthu wogumula, kuononga kapena kudetsa malo opemphererapo ndi cholinga chonyoza chipembedzo cha anzake wapalamula mlandu. Kuswa mawindo a mzikiti, kupaka zonyansa pa chitseko cha tchalitchi, kuthyola mtanda, zonsezi zikulowa pamenepa.

Ndime 128 ndiyo mwini nkhani yathu. Imati munthu amene asokoneza dala anthu osonkhana mwalamulo pa mapemphero kapena pa mwambo wa chipembedzo wapalamula mlandu. Angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kulowa m'ndende. Muone bwino apa: ndime iyi siikuteteza njerwa ndi malata ayi. Ikuteteza anthu osonkhana. Kotero ubatizo wa m'nyanja ndi wotetezedwa. Mapemphero a pansi pa mtengo wa mango ndi otetezedwa. Mpingo wa anthu khumi wopempherera m'kalasi ya sukulu ndi wotetezedwa chimodzimodzi ndi mpingo waukulu wa pa Bandawe. Ndiponso mbali ina ya ndime yomweyi nayi: ngati m'tchalitchimo mulibe anthu, muli mabenchi okhaokha, gulu lodutsa pa mseu likuimba silidasokoneze wina aliyense.

Nanga kusokoneza n'kutani? Bwererani ku gulu la asodzi lija. Ngati lidutsa pa mseu mwaulemu, ndi kupitirira ulendo wake, palibe mlandu. Ngati liima pa chipata ndi kutsekereza anthu kuti asalowe kapena asatuluke, pamenepo lalakwa. Ngati liika chimkuzamau pa windo ndi kuimba mpaka abusa osamvekanso, lalakwa. Ngati ena alowa m'kati ndi kuyamba kukuwa pakati pa pemphero, alakwa kwambiri. Dandaulo lao la dooko lingakhale loona ndithu, koma kuona kwa dandaulo sikufafaniza mlanduwo.

Zimenezi zimakhudzanso mkhristu amene wakwiyira mpingo wake womwe. Zimachitika. Anthu asonkha ndalama za malata, malata osaoneka. Munthu ali ndi ufulu wonse wofunsa za ndalamazo. Angathe kufunsa pa bwalo la akulu a mpingo, angathe kulemba kalata, angathe kukanena ku polisi ngati pali umbava. Koma kulanda guwa pakati pa ulaliki si ufulu wolankhula ayi. Kumeneko ndi kulanda ufulu wa anthu ena onse amene adzera kudzapemphera.

Ndime 129 imateteza manda ndi maliro. Kusokoneza dala anthu osonkhana pa mwambo wa maliro ndi mlandu. Apa sipafunika kutayapo nthawi, pakuti mwambo wathu udanena kale zimenezi lamulo lisadabwere.

Ndime 130 ndi yoterera pang'ono. Imati munthu wolemba kapena kunena mau, ngakhale kuchita chizindikiro, ndi cholinga chenicheni chopweteka mtima wa mnzake pa chipembedzo chake, angathe kukhala m'ndende chaka chimodzi. Ndati ndi yoterera chifukwa kupweteka kwa mtima kulibe sikelo. Nsomba timayesa ndi chigoba, chimanga ndi ndowa, nanga mtima wopwetekedwa tiuyese ndi chiyani? Wina amapwetekedwa ndi chipongwe chenicheni. Wina amapwetekedwa atangomva kuti mnzake sagwirizana naye.

Liu lofunika m'ndime imeneyi ndi lakuti "dala". Mlaliki wa pa msika akanena kuti tsiku loyenera kupembedza ndi Loweruka, wina nati ayi ndi Lamulungu, kumeneko ndi kutsutsana, ndipo anthu akhala akutsutsana chotero kuyambira kale. Mkhristu ndi Msilamu akakhala pa khonde la sitolo, aliyense nafotokoza zimene amakhulupirira, palibe mlandu. Koma kupita pa khomo la mzikiti Lachisanu masana kukatukwana zimene anthu a m'menemo amazilemekeza, uko sikutsutsana. Munthu wotero sadadzere kudzaphunzitsa wina aliyense. Wadzera kudzaputa ndeu.

Ndipo ndeu zotere si nthano. M'mwezi wa November 2019, ku M'manga m'boma la Balaka, kudabuka mkangano pakati pa Akhristu a Anglican ndi Asilamu. Nkhani yake idali yoti kodi atsikana achisilamu angavale hijabu pa sukulu ya mpingo. Anthu adavulala, ndipo mawindo a mzikiti ndi a nyumba ya wansembe adaswedwa. Anthu amene amagula pa msika umodzi ndi kutunga pa mjigo umodzi adatolerana miyala.

BWANJI OSANGOLETSA ZONSE?

Pamenepa wina afunsa kuti, "Nanga ngati zinthu zimafika potero, bwanji Boma osangolamula kuti pafupi ndi nyumba ya Mulungu pasamveke za ndale kapena za madandaulo? Si bwenzi tili pa mtendere?"

Funsoli ndi labwino, ndipo ofunsa ambiri ndi anthu ofuna mtendere. Koma ine maganizo amenewa ndimawaopa. Mbiri ya dziko lino, makamaka ya kuno kwathu, ikutiphunzitsa kuti mphamvu yotseka anthu pakamwa pa malo opemphererapo kawirikawiri siigwera anthu osokoneza. Imagwera opemphera eni ake.

Tiyambe ndi mwana wa kuno komwe. Elliot Kenani Kamwana adali Mtonga, ndipo adaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Bandawe. Mishoni imeneyi adaikhazikitsa ndi Dr. Robert Laws m'chaka cha 1881. Kamwana adapita ku South Africa, ndipo adabwerako chakumapeto kwa 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Ankalalikira kuti ufumu watsopano uli pafupi, ndi kuti msonkho wa Azungu udzatha. Nthawi imeneyo ku mishoni munthu ankadikira zaka kuti abatizidwe. Kamwana sankadikiritsa anthu chotero. M'miyezi yowerengeka chabe adabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera lino. Amishoni sadakondwe nazo, Boma la atsamunda lidachita mantha. M'chaka cha 1909 adamugwira ndi kumuchotsa kuno. Adakhala m'maiko a eni, mpaka ku zilumba za m'nyanja yaikulu ya mchere, ndipo sadaloledwe kubwerera kwao kufikira m'chaka cha 1937. Werengani nokha: zaka 28. Kamwana sadaswe windo la munthu. Chida chake chidali pakamwa basi. Mungathe kukana chiphunzitso chake, ndipo ambiri adachikana, koma chilango chimenecho chidali cha mau okha.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira, zinthu zotere sizidathe. M'chaka cha 1967 Boma la Dr. Kamuzu Banda lidaletsa mpingo wa Mboni za Yehova. Anthuwa ankakana kugula makadi a chipani. Adamenyedwa, nyumba zao zidatenthedwa, ndipo mu 1972 zikwi ndi zikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ndime 128 ija idalimo kale m'buku nthawi imeneyo. Bwanji sidawateteze? Paja ndime ija imateteza anthu osonkhana mwalamulo. Boma litangonena kuti mpingo wao ndi woletsedwa, mapemphero ao adasanduka mlandu, ndipo owamenya sankaopa kanthu. Chiletsocho chidachotsedwa mu August 1993. Anthu a mipingo ina ambiri adangoyang'ana, poganiza kuti izo n'za a Mboni okha. Adaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawa lake lidafika m'chaka cha 1992. Lamulungu pa 8 March, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Kalatayo idanena zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma palibe ankazitchula: malipiro ochepa a antchito, kuchepa kwa mankhwala m'zipatala, ana odzaza m'makalasi opanda mabuku, anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Inu achikulire mukukumbukira momwe tinkayang'anira kumbuyo tisanatchule dzina la munthu wamkulu, ngakhale tili m'bwato pakati pa nyanja.

Boma lidakwiya koopsa. Maepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre ndi kufunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Kalatayo idalengezedwa kuti ndi youkira Boma, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idayatsidwa moto. Monsinyolo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, dayosizi yomwe ya Akatolika a kuno ku Nkhata Bay, adapitikitsidwa m'dziko muno mu April, pa nyengo ya Pasaka. Mbusa Aaron Longwe wa CCAP ku Mzuzu adamangidwa chifukwa cha ulaliki. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adayenda pa mseu kuvomereza kalatayo, ndipo sukulu yao idatsekedwa.

Amene ankalamula zimenezi ankanena mau omwe aja: mpingo usalowerere ndale, ku tchalitchi n'kopemphera basi. Koma mau adali atatuluka kale, ndipo mau sabwerera m'kamwa. Chaka chomwecho mipingo, Asilamu, maloya ndi ena adapanga bungwe la Public Affairs Committee loti likambirane ndi Boma. Pa 14 June 1993 Amalawi adaponya voti ya riferendamu, ndipo oposa 6 mwa anthu 10 alionse adasankha zipani zambiri. Chaka chotsatira tidalandira Malamulo Aakulu aja, muli ndime 33, 35 ndi 38. Mlandu uja woukira Boma ndi mau, umene kalata ya maepiskopi idagwa nao, Nyumba ya Malamulo idaufafaniza mu 2022.

Tsono mukaona bwino, ufulu woyenda pa mseu ndi chikwangwani udabadwira m'tchalitchi momwemo. Mkulu wa mpingo uja akathamangitsa gulu la asodzi lodutsa mwamtendere, akuthamangitsa mwana wa m'nyumba mwake.

MAIKO ENA AKULIMBANA NAZONSO

Funso limeneli si lathu lokha. Ku Australia kuli chigawo chotchedwa New South Wales, kumene kuli mzinda waukulu wa Sydney. Kumeneko malo ena a Ayuda adaonongedwa ndi anthu achipongwe, ndipo anthu adachita mantha. Kumayambiriro kwa 2025 aphungu a chigawocho adapatsa apolisi mphamvu yochotsa anthu ochita chionetsero pafupi ndi malo opemphererapo. Koma mu October chaka chomwecho khoti lalikulu la kumeneko lidathetsa mphamvu imeneyo. Lidati idapyola muyeso, popeza ikadagwera ngakhale anthu amene sakuvutitsa wopemphera aliyense.

Nkhaniyi ndi yosavuta kuimvetsa kuno kwathu. Tsiku lina mukakwera minibasi kapena matola, mudzawerenge matchalitchi ndi mizikiti kuyambira pa Kande mpaka pa Chintheche, kapena kuyambira pa Mpamba kutsikira ku boma. Nyumba iliyonse ikadakhala ndi mamita ake 100 kutsogolo ndi 100 kumbuyo, anthu odandaula akadayenda pati? Kapena m'madzi?

Ku America adapita nazo patali kuposa apa. Kagulu kena kachipembedzo kankaima ndi zikwangwani za mau oipa pa maliro a asilikali. Bambo wina wofedwa adakasuma. M'chaka cha 2011 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti kaguluko sikangalipitsidwe, chifukwa kadaima pa malo a anthu onse, mamita pafupifupi 300 kuchokera pa tchalitchi, pamene apolisi adakaloleza, ndipo sikadaimitse mwambo wa maliro. Oweruza 8 adavomereza, mmodzi adakana. Kunena zoona, ine mtima wanga uli ndi bambo wofedwayo. Kuno kwathu zotere sizingachitike anthu n'kungoyang'ana. Koma onani kuti ngakhale kumeneko mafunso adali omwe aja: kodi adaima pati, ndipo kodi adasokoneza mwambo?

KALATA YOPITA KWA A DC

Tsopano tibwere ku ntchito imene inu mungathe kuigwira ndi dzanja lanu. Lamulo la Apolisi likuti wokonza chionetsero ayenera kulembera kalata a DC, ndipo kope lina lipite kwa mkulu wa polisi wa deralo. Kalatayo ifike pasadakhale: osachepera maola 48, ndiko kuti masiku awiri athunthu, komanso osapitirira masiku 14 tsiku la chionetsero lisanafike.

Kalata imeneyi ndi yodziwitsa. Simukupempha ufulu ayi, ufulu muli nao kale. Mukudziwitsa a Boma kuti akonzeke ndi kukutetezani pa mseu. A DC angathe kukuitanani pamodzi ndi apolisi kuti mukambirane za njira ndi nthawi. Pitani, musakane. Akaona kuti pali choopsa chenicheni angathe kusintha zina, kapena kuletsa kumene, koma ayenera kunena zifukwa zake, ndipo inu mungathe kukadandaula ku Khoti Lalikulu.

M'kalatamo lembani dzina lanu ndi keyala yanu, dzina la wachiwiri wanu, ndi dzina la gulu lanu ngati lili nalo. Lembani cholinga cha chionetserocho m'mau ochepa omveka. Lembani tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, malo okumanirana, njira imene mudzadzere, ndi kumene mudzathere. Nenani kuti mukuyembekeza anthu angati, ndi kuti osungitsa bata pakati panu adzakhala angati. Ngati muli ndi chikalata cha madandaulo, tchulani amene mukufuna kuti adzachilandire.

Pofika pa njira ndi nthawi, m'pamene nkhani ya tchalitchi imathera popanda ndeu. Yendani njirayo ndi miyendo tsiku lisanafike. Onani nyumba zopemphereramo zimene zili m'mbali mwake. Paja Asilamu amasonkhana kwambiri Lachisanu masana, a Sabata Loweruka, ena ambiri Lamulungu m'mawa. Ngati n'kotheka sankhani tsiku lina. Ndiponso ngati chikalata chanu chikupita ku ofesi ya Boma, Loweruka ndi Lamulungu mukapeza chitseko chotseka, ndiye mudzavutikiranji?

Ngati palibe kuchitira mwina, tumani anthu awiri aulemu kwa abusa, ansembe kapena shehe. Akawauze kuti tsiku lakuti, nthawi yakuti, tidzadutsa pano, ndipo nkhani yathu si ya inu. Lamulo silikukakamizani kutero, koma mudzaona kuti zimathandiza. Mwinanso asodzi otsekeredwa njira aja ndi akhristu a mpingo womwewo. Pofika pafupi, osungitsa bata akweze manja, nyimbo ndi malikhweru zileke, mudutse, mukayambirenso patsogolo. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Tikaona masamba ataikidwa pa mseu timadziwa kuti pali maliro. Wa njinga amatsika, wa galimoto amachepetsa liwiro, wa wailesi amatsitsa mau. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo.

Osungitsa bata musawasankhe mwachibwana. Lamulo lomweli likuti katundu wa anthu akaonongeka pa chionetsero, okonza chionetserocho angathe kulipitsidwa pamodzi ndi oonongawo. Mwala umodzi wogenda windo la tchalitchi ungathe kudya bwato ndi chilimira cha munthu amene adasaina kalata. Choncho sankhani anthu odziwika, amene achinyamata amawamvera, ndipo woledzera aliyense abwezedwe kunyumba ulendo usanayambe. Kumbukiraninso kuti zionetsero zikasokonekera pamatayika miyoyo. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 padafa anthu 20 m'dziko muno, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, pafupi pomwepa.

Anzathu a ku Usisya ndi a m'midzi ina ya kutali, werengerani bwino masiku. Maola 48 aja amayamba kalata ikafika m'manja mwa a DC, osati tsiku limene mwailemba. Mwera ukavuta pa nyanja, kalata ingathe kugona panjira. Lembani makope atatu. Loyamba la a DC, lachiwiri la apolisi. Lachitatu mupemphe kuti alidinde chidindo ndi kulembapo tsiku, ndipo mtsogoleri wanu aliike m'thumba la pulasitiki, alitenge pa tsiku la ulendo.